Visidi Yanu ndi Dividi Yanga, Amayi

Amayi anga Anambewe, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Estere, mwana wanu wachiwiri, uja munkati mutu wake ndi chitsa cha muwanga. Ndakhala pakhonde pa Mkanda pano, mtedza uli pamphasa ukuuma, nkhuku ndikuingitsa ndi phazi poti manja agwira cholembera. Zaka zakwana zisanu chikuperekezereni kumanda kwa agogo kuja, koma mpaka lero nkhani ikachitika mtima umayamba wathamangira kwa inu, kenako n'kukumbuka kuti kulibe kothamangira. Ndiye ndati ndingolemba. Nkhani zachuluka, ndipo yaikulu ndi ya holo yanu ya vidiyo ija.

Koma ndiyambe ndi za pakhomo, mungandidzudzule kuti ndathamangira malonda ndisanapereke moni. Tonse tili bwino. Mkamwini wanu, abambo a Tadala, akukonzabe njinga pansi pa mtengo uja pafupi ndi msika. Imvi zayamba kuwatuluka m'mbali mwa makutu, koma iwo akuti ndi fumbi. Tadala, amene mudamusiya akuphunzira kuyenda, ali sitandade 2 ndipo amawerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pathumba la feteleza. Mu Febuluwale Mulungu adatipatsa wina, wamkazi. Tidamutcha Veronika, dzina lanu laubatizo. Mphuno ndi yanu, mawunso ndi anu. Akalira, a kuchigayo amadziwa kuti mwana wa Estere wadzuka.

Achimwene a Yosefe akadali ku Chiosya ndi alamu anga. Fodya wawo wachita bwino chaka chino, ngakhale chigafa chidagwa ndi mphepo ya mu Malichi. Mwamwayi masamba ambiri anali atachotsamo kale. Chimanga nafenso tapeza, nkhokwe yadzadza ndipo china tasunga m'matumba. Mtedza ndiwo wavuta pang'ono, mvula idadula msanga, makoko ambiri alibe kanthu m'kati. Mbuzi yanu yamawanga ija idakalamba n'kufa, koma idasiya ana ndi adzukulu, onse akuba ngati iyo yomwe. Dzana ina idalowa m'khitchini mwa aphunzitsi n'kudya sopo.

Tsopano za holo. Zambiri mukuzidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndizibwereze, chifukwa Tadala wayamba kufunsa kuti agogo ake anali munthu wotani, ndipo ndikufuna ndizolowere kuzinena bwino.

Bambo atamwalira mudatilera ndi mandasi komanso zitenje zimene munkakatenga ku Chipata. Matipati ambiri atabwera, anthu n'kuyamba kuchita geni momasuka, tsiku lina mudatsika matola ndi makatoni awiri. M'limodzi munali wailesi ya kanema, m'linalo deki yoseweretsera matepi. Kajeneleta kadabwera sabata yotsatira pangolo. Njerwa tidaumba tokha, inu, ine ndi achimwene, ndipo holo idatuluka ya mabenchi khumi ndi awiri, mazenera otseka ndi masaka kuti masana mukhale mdima. Anthu adalankhula. Adati mayi wamasiye, woimba kwaya kutchalitchi, azionetsa anthu akumenyana? Inu mudangoti, "Akamenyana pagalasi ndiye kuti kunja kuno atisiya pamtendere."

Matepi aja adatidyetsa, sindingawanyoze, koma anali ndi mavuto ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Dzinja ankachita nkhungu. Deki ikakwiya inkatafuna tepi pakati pa filimu, ine n'kumatulutsa riboni pang'onopang'ono ndi kamtengo, anthu akukuwa kumbuyo kwanga. Kubweza tepi kuti iyambirenso tinkachita pamanja, ndi supuni, posafuna kutha mafuta a jeneleta. Ndipo matepi khumi okha ankadzadza chikwama. Munkafika kuchokera ku boda mapewa atatupa, ine n'kumakuthowani ndi madzi otentha.

Ndiye mudabwera ndi visidi. Tsiku lake ndikulikumbuka, linali Loweruka, fodya atangoyamba kugulitsidwa. Mudamasula chitenje n'kutulutsa kabokosi kopyapyala ndi zimbale zonyezimira ngati kalilole. Amalume a Fabiano adatenga chimodzi, n'kudziyang'anirapo mano, adati, "Mlongo, akupusitsani a ku Zambia. Filimu yonse ingalowe m'kagalasi aka? Nanga riboni yake ili kuti?" Ine, ndisaname, ndidali mbali ya amalume. Ndidakuuzani kuti deki ikugwirabe ntchito, nanga tikudzivutiranji. Inu simudakangane nafe. Mudati, "Estere, munthu amanama ndi pakamwa, koma mapazi sanama. Tiyeni tione kumene mapazi alowere."

Mapazi adalowera kwathu, ndipo adalowa mothamanga. Chithunzi sichinkagwedera, kunalibe zobweza ndi supuni, ndipo zimbale makumi asanu munkazimanga m'chitenje chimodzi n'kubereka ngati khanda. Pamwamba pa zonsezo, mafilimu a ku Nijeriya, aja a apongozi ovuta, amitala ndi abusa othamangitsa mfiti, ankabwera pa zimbale zomwezo. Amayi amene kale ankadutsa holo atayang'ana kumbali adayamba kusuzumira, kenako kulowa. Eni maholo ena atatu a mumsewu muno adabwera mmodzimmodzi kudzakufunsani kumene mudagula, ndipo inu mudawauza, simudabise. Pofika nyengo yachiwiri ya fodya, tepi sinkafunidwanso ndi munthu. Matepi athu mudapatsa amalume omwe aja, iwo n'kusolola riboni yonse n'kukamanga kudimba kuti iziopseza mbalame. Mpaka lero amati palibe chidawathandiza pa tomato ngati mafilimu anu.

Chimene ndinkasirira kwambiri ndi mmene mudaonera mwayi pamene ena ankaona vuto. Filimu ya visidi inkabwera pa zimbale ziwiri, ndiye pakati pankafunika kuima kuti tisinthe. Anzathu ankasintha mothamanga, kuopa phokoso. Inu munkachedwa dala. Chimbale choyamba chikatha, mtima wa aliyense uli m'mwamba, munkatsegula chitseko n'kuika beseni la mandasi ndi ndowa ya thobwa. Anthu ankadya akukangana kuti mkazi uja abwerera kapena ayi. Munkati, "Nkhani ikaima pakati, pakamwa pamafuna chochita."

Ndipo kodi mukukumbuka Lamulungu lija masana, anthu atatuluka kutchalitchi? Holo idadzadza ndi matenanti a ku esiteti ndi akazi awo. Filimu inali ya mkazi amene apongozi ake adamuthamangitsa chifukwa chosabereka. Chimbale choyamba chidathera pamene mkaziyo waima pageti, katundu ali pamutu. Mandasi adatha. Ndidaika chachiwiri, ndipo pagalasi padatuluka amuna a ku China akuuluka pamadenga ndi malupanga. Wogulitsa anali atasakaniza zimbale. Phokoso lake! Ena adaimirira pamabenchi. Inu mudatuluka, mudazimitsa jeneleta, n'kubwera kudzaima kutsogolo kwa galasi lakuda lija. Mudati, "Khalani pansi, ndikuuzeni mmene zidathera." Ndipo mudafotokoza: kumene mkaziyo adagona tsiku loyamba, ntchito imene adapeza, mwamuna wachiwiri, mapasa, ndi tsiku limene apongozi aja adabwera kudzapempha madzi pakhomo pake osamuzindikira. M'holo mayi wina ankapukuta misozi ndi mpango. Anthu atapita ndidakufunsani ngati filimuyo mudaionera ku Chipata. Mudaseka. "Ndikadaionera kuti? Koma mkazi wothamangitsidwa ndimamudziwa njira imene amayenda." Mwezi wotsatira mudabweretsa chimbale chachiwiri chenicheni. Anthu ataonera adati a ku Nijeriya alakwitsa, mathero abwino ndi a Anambewe.

Kenako idabwera njala ija, ndipo chaka chotsatira matenda anu. Za masiku amenewo sindilemba zambiri, dzanja limakana. Ndingonena chimodzi. Muli chigonere m'chipatala ku boma, ndikabwera munkandifunsa ngati anthu akulowa. Ndinkati akulowa, amayi, holo ikudzadza. Tsiku lina mudandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Estere, anthu sanachire njala, adzadze holo ndi chiyani? Kunama sukudziwa, koma zikomo." Titakuikani, ndidalumbira mumtima kuti m'holo muja sindidzasintha kanthu. Benchi lililonse pamalo pake, visidi yanu pashelefu pake, kansalu kamene munkaifunditsa kakhale komweko.

Patapita zaka ziwiri kudabwera dividi. Adabwera nayo ndi a Kaliza, aja adali kalaliki ku esiteti, atapuma ntchito. Adaiona ku Lilongwe, adaikonda, n'kutsegula holo tsidya la msewu, moyang'anizana ndi ife. Zimbale zake n'zofanana ndi za visidi m'maonekedwe, koma filimu yonse imakwana pa chimodzi ndipo chithunzi ndi choyera kwambiri. Sabata yoyamba anthu onse adawolokera kumeneko. Ine ndidakhala pakhomo ndi beseni la mandasi, ndikuti basi, zimene mudachita kwa matepi, a Kaliza achita kwa ife.

Koma sizidatero. Sabata yachitatu anthu adayamba kubwerera. Ndidafunsa tenanti wina chifukwa chake, adati, "Kwa a Kaliza chithunzi n'choyera, mayi, koma akuonetsa yomweija ya sabata yatha." Zimbale za dividi zinali zodula komanso zosowa, ndipo zambiri zinali za azungu ongolankhula m'maofesi. Za ku Nijeriya kunalibe. Makina akenso anali onyada, chimbale chikangokalika pang'ono kapena kugwira fumbi ankachikana, pamene visidi yanu inkangodumpha pokalikapo n'kupitiriza. Ndipo pa kagalasi kathu kakang'ono, munthu atakhala benchi lakumbuyo, kuyera kwa chithunziko ankakuona ndani? Visidi idalowa kuno ngati moto wa m'tchire mu Okutobala. Dividi inkayenda ngati ngolo m'matope, ng'ombe zitatopa.

Apa ndipo ndidadzikuza, amayi. Ndinkauza aliyense kuti dividi ndi ya m'tauni, kuno siidzamera. A Kaliza ndinkawaseka ndikaona mabenchi awo ali mbee. Koma iwo sadandisungire mangawa. M'mawa uliwonse ankavula chipewa n'kupereka moni, ndipo tsiku lina adati, "Mayi Estere, ndikudziwa mukundiseka, ndipo mukuyenera. Koma chinthuchi chikubwera, musachiderere." Ine ndidayankha kuti chikafika chidzandipeza pompano. Zaka ziwiri zathunthu ndidali wolondola, ndipo ndazindikira kuti palibe chimene chimagonetsa munthu tulo ngati kulondola zaka ziwiri.

Zidatembenuka chaka chatha, misika ya fodya itatsegulidwa. Kumsika ku boma kudafika timakina ta dividi tating'ono, totsika mtengo, toyendera batire ya galimoto. Timakinati tinkasewera zimbale zonse, zatsopano ndi zakale zomwe. Nthawi yomweyo kudabweranso zimbale zina zodabwitsa, chimodzi chokha mafilimu khumi, a ku Nijeriya okhaokha ngati ukufuna, kapena a nkhondo okhaokha. Makwaya a m'matchalitchi nawonso adayamba kutulutsa nyimbo zawo pa dividi, akuvina m'minda ndi pamiyala. Ndidayamba kuona njinga zikudutsa pakhomo pa holo, katoni itamangidwa pakaliyala ndi mphira, batire ili pakati pa miyendo. Okwera ake anali anthu athu omwe aja, okhala benchi lachitatu, lachinayi. Ankandipatsa moni mwamanyazi n'kupalasa mwachangu.

Mabenchi khumi ndi awiri aja, okhalidwa adatsala anayi. Mafilimu atsopano pa visidi adasiya kubwera, ndinkangobwereza akale. Abambo a Tadala adapirira miyezi ingapo, kenako tsiku lina tikudya adati, "Amake Tadala, tigule dividi, anthu atithawa." Ndidayankha kuti visidi imeneyo ndi ya amayi anga, amene akufuna kuichotsa ayambe wandichotsa ine. Iwo adati, "Amayi adasiya geni, sadasiye kachisi." Mawu amenewo adandilasa. Masiku awiri sindidawalankhule, madzi osamba ndinkangoika n'kuchokapo. Mukadakhalapo mukadandikoka khutu, ndikudziwa.

Tsiku lachitatu ndidadzuka m'mamawa, ndidatenga chiphaso changa n'kukwera galimoto ya ku Chipata, ndikuti ndikapeza ndekha zimbale za visidi zatsopano kuti ndiwatsutse. Ndidalunjika ku shopu ya amai Tembo, mnzanu uja munkagulako kuyambira nthawi ya matepi. Akalamba, maso akuvuta, koma adandizindikira ndi mayendedwe. Nditanena chimene ndabwerera, adawerama n'kukoka katoni yafumbi pansi pa kauntala. Adati, "Mwana wanga, izi zasila. Zatsala izi chabe. Manje aliyense afuna dividi." Ndidawauza kuti ine sindingasinthe, kutero n'kukutayani inu. Adandiyang'ana, kenako adaseka mpaka kutsokomola, n'kundikokera mpando.

Ndipo adandiuza zimene simudandiuzepo. Akuti paulendo wanu womaliza, mukutsokomola kale, mudamva kuti m'shopu ya mmwenye wina mwafika makina atsopano. Mudawakoka amai Tembo kuti akuperekezeni. Mudakhala m'menemo ola lathunthu. Mudatembenuza chimbale uku ndi uku, mudafunsa mtengo, mudafunsa ngati makinawo amasewera zimbale zakale, ngati amapirira fumbi, ngati mafilimu a ku Nijeriya alipo. Mwini shopu adatopa nanu. Potuluka mudati, "Ichi n'chabwino kuposa changa, koma sichinapse. Tsiku limene tenanti adzachimangirire panjinga, ndidzabwera kudzachitenga." Amai Tembo atamaliza adandigwira bondo n'kufunsa kuti, "Manje iwe, kwanu matenanti sanayambe kumangirira?"

Amayi, ndidalira m'shopu ya eni, makasitomala akundiyang'ana. Ine ndinkati ndikukusungirani ulemu posunga kabokosi, chonsecho inu mudali mutadutsa kale kabokosiko ndi maso anu, zaka zingapo a Kaliza asanalote n'komwe. Mudaona kuti n'chabwino, mudaonanso kuti nthawi yake sinakwane, ndipo chizindikiro chimene mudasiya chinkadutsa pakhomo panga tsiku lililonse, ine n'kumayang'ana kumbali. Ndidagula dividi tsiku lomwelo pamodzi ndi zimbale zodzadza jumbo. Nditafika kunyumba, mkamwini wanu adangotenga hamala ndi misomali n'kukakhoma shelefu ina pambali pa yanu. Munthu ameneyu mudandisankhira bwino pamene mudati wokonza njinga amadziwa kupirira zinthu zopindika.

Anthu adabwererako ndithu, miyezi ingapo holo idatsitsimukanso. Koma mungaseke kumva vuto loyamba. Dividi siima pakati, ndiye mandasi ankangokhala m'beseni mpaka kuuma. Ndidayamba kuimitsa ndekha filimu pamene yafika pokoma, n'kunamizira kuti makina atentha. Sabata ziwiri zokha adanditulukira. Mayi wina adati, "Estere, makina ako amatentha pokhapokha thobwa likafika?" Tidaseka tonse, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangonena poyera kuti tiyeni tipume.

Komabe mabenchi sadadzadzenso ngati kale. Woyamba kutseka adali a Kaliza omwe. Tsiku limene adachotsa chikwangwani chawo adawoloka msewu n'kudzakhala pabenchi lathu lakutsogolo, chipewa chili pabondo. Adati, "Mayi Estere, ndakhala ndikuganiza. Visidi mudagula ndinu eni maholo, makina amodzi, maso a mudzi wonse. N'chifukwa chake idafala msanga, ogula munali ochepa ndipo munkaonerana. Dividi idachedwa chifukwa inkadikira anthu wamba, ndipo itawapeza idalowa m'nyumba zawo. Munthu ali ndi kanema pakhomo, abwera kudzatani kuno?" Kenako adati, "Ine ndidafulumira, inu mudachedwa. Amene ankadziwa nthawi ndi mayi anu okha." Bamboyu ndimamulemekeza, amayi. Sadadandaule. Pano holo yake adaisandutsa motchajira mabatire, ndipo onse amene adamuthawa ndi makatoni panjinga amabwera kwa iye Lachisanu lililonse, batire ili pakaliyala.

Inenso ndidatsata mapazi. Ndidaika tebulo pakhonde la holo n'kuyala zimbale, zogulitsa ndi zobwereketsa. Anthu omwe adasiya kulowa adayamba kuima patebulo. Amafunsa kuti, "Iyi njabwino, mayi?" ndipo poti ndaonera mafilimu kuyambira ndili mtsikana, ndimadziwa woyenera kumupatsa ya misozi ndi woyenera ya zibakera. Tsiku la msika abambo a Tadala amamanga bokosi panjinga n'kuzungulira m'maesiteti. Zimbale zanu zakale nazonso zikuyenda, poti makina atsopanowa sazikana, ndipo alipo okalamba amene amafunabe zomwezo. Tikudya, amayi, musade nkhawa. Tadala ali ndi nsapato, ndipo denga la nyumba tidasintha malata awiri odontha aja.

Mwezi watha ndidakhala pansi ndi achimwene a Yosefe, ndipo tidagwirizana kuti holo itsekedwe, mbali ina ikhale shopu ya zimbale, mbali ina mosungira mtedza. Sizidali zophweka. Ndidapita kumanda kukakuuzani, koma nditafika ndidangozula udzu n'kubwerako, mawu adakana. N'chifukwa chake ndikulemba.

Ndidalengeza kuti Loweruka masana kudzakhala filimu yomaliza, yaulere. Ndinkayembekezera anyamata. Koma amene adadzadza mabenchi ndi amayi, ambiri a msinkhu wanu, ena ochokera kutali m'maesiteti, atavala zitenje zawo zabwino ngati akupita ku ukwati. Ndidawafunsa chimene akufuna kuonera, adati iliyonse ya zimbale ziwiri. Ndidaika. Choyamba chitatha ndidatulutsa mandasi ndi thobwa, ndipo ndikuti ndiike chachiwiri, wina adati dikira kaye. Adayamba kukamba za inu. Uyu akuti mudamuphunzitsa kukanda ufa wa mandasi, uyo akuti mudamuperekeza ku boda ulendo wake woyamba, wina akuti mudakalipira mwamuna wake pamaso pa anthu mpaka adasiya kumumenya.

Kenako adaimirira amake Joisi, mkazi wa tenanti wina wochokera ku Phalombe. Ndinkawadziwa nkhope chabe. Adati chaka chimene adafika kuno mwana wawo woyamba adamwalira ndi malungo. Kuno adalibe mbale, adalibe mnzawo, ndipo maliro atangotha bwana adati ntchito ya fodya siidikira. Kunyumba sankalira kuopa kufooketsa amuna awo, kumunda sankalira kuopa anthu. Tsiku lina akudutsa pa holo osadziwa kumene akupita, inu mudawaitana. Mudawakhazika pakhomo m'kati, pambali panu, filimu ili m'kati. Simudawafunse dzina, simudawafunse za mwana, ngakhale mudali mutamva. Mudangoti, "Muno ndi mumdima, mayi, ndipo jeneleta ikusokosa. Palibe akuonani, palibe akumvani." Adabwera Lachitatu lililonse miyezi itatu. Adati, "Filimu ngakhale imodzi sindidaione. Mwana wanga ndidamulirira muno."

Amayi, ine ndinkawaona mayi amenewo pambali panu masiku amenewo, ndipo ndinkangoti mwawalemba ganyu yogulitsa mandasi. Simudandiuze. Ndidakhala nanu m'holo imeneyo zaka zonsezo, ndikuganiza kuti ndikudziwa geni yanu yonse.

Chimbale chachiwiri sitidachiikenso. Ndidazimitsa jeneleta, ndipo amayi aja adandithandiza kuchotsa masaka m'mazenera. Kuwala kwa dzuwa kudalowa m'menemo koyamba chimangireni, tonse n'kumaphethira ngati ana a mphaka. Tidaimba nyimbo ziwiri za kwaya yanu, wina adapemphera, n'kubalalika. Mabenchi ndidawapereka kwa amayi omwewo kuti azithandiza pamaliro ndi pamaukwati, ndipo adawasenza awiriawiri kutsika nawo msewu.

Limodzi lokha ndidasunga. Ndaliika m'kati mwa shopu, kuseri kwa chitseko, pamene munthu wodutsa mumsewu sangaone, ndipo zenera la mbali imeneyo ndabwezerapo saka lake. Ndikukulonjezani kuti ndiziyang'ana anthu odutsa monga munkachitira inu, ndipo amene ndidzamuone akuyenda osadziwa kumene akupita ndidzamuitana. Akadzakhala pamenepo sindidzamufunsa kanthu.

Bambo muwapatse moni, muwauze kuti ana awo akula ndipo sakuchititsa manyazi. Pumani bwino, Anambewe. Ndimakukondani lero kuposa tsiku limene tidasiyana, chifukwa ndikukudziwani kuposa tsiku limenelo.

Ndine mwana wanu,
Estere